Chala cha Nangozo

Chikhazikitsireni lamulo loti bambo wokalamba asatumize ndalama pafoni popanda chala cha mkazi wake, ndimalitukwana tsiku lililonse. Ine sindikhulupirira munthu, ndiye angandipusitse ndani?

Lachiwiri foni inandiuza kuti ndawina ng'ombe yamkaka, ndingotumiza ya thiransipoti. Ndinazika mitengo ya khola, ndalama za feteleza ndili nazo kale m'maganizo kuti ndizo nditumize, kenako ndinapita kwa mkazi wanga.

"Nangozo, tadindani apa."

"Abambo, mpikisano wake munalowa liti?" anafunsa akutonola chimanga. "Ng'ombe yomweyo anawinanso anzanu a Chikafa dzulo. Mugawana miyendo?"

Feteleza tinagula. Khola lilipobe, Nangozo amayanikapo zovala. Alendo akafunsa, amangoti, "Funsani eni ng'ombe."