Mdala Wokana Kupereka Dzanja

Matebulo ena onse anali atapindidwa kale, koma pakona pa holo mdala wa jekete yothothoka anali chigwirire chibwano. Mfumukazi yake inali itadyedwa, akavalo onse atapita. Anatsala ndi mfumu ndi tiasilikali tochepa basi.

Tchesi ili ndi ulemu wake. Zikafika pamenepa umaimitsa wotchi, n'kupereka dzanja. Mdala sanatero. Ankadziwa kuti masewerawa akangotha, wokhala naye maso ndi maso adzakhalanso khoma la kuchipinda kwake.

Amene ankasewera naye anali injiniya wa tayi, katswiri wa mapointi ambiri. Anayamba ndi Sisiliyani, kayambidwe kamene ana a masiku ano amaloweza pa foni n'kumadziona ngati anabadwa ndi ndevu. Chiyambire sanadzutse mutu. Ankangosuntha, kudina wotchi, kupinda manja.

"Madala, maliro anatuluka kalekale awa," anatero wina mwa oonerera. "Mukulondera chiyani?"

"Asiyeni," anayankha mnzake. "Akufuna apite ndi mpando womwe."

Anaseka mpaka woyang'anira mpikisano anawaopseza ndi chala, ngakhale naye ankaponya maso kuchitseko, makiyi ali m'manja.

Anthu otere mdala ankawadziwa: ukapambana amakunyamula, ukagwa amakupondera pomwepo. Anakankha mfumu kabokosi kamodzi. Injiniya anayankha nthawi yomweyo. Mdala anaibweza mfumuyo. Kusuntha kulikonse ankakuganizira mpaka wotchi itatsala pang'ono kumudula, chonsecho poti n'kupita panali pamodzi pokha.

"Kunyada kumeneku," anang'ung'udza wosesa, atatsamira tsache. "Kugonjetsedwa ndi mwana wamng'ono kumawawa, eti?"

Tiasilikali tinatha. Mfumu inathawira pakona, ndipo pakonapo inatsekeredwa. Panalibenso kozembera.

Injiniya anaimirira, namanga batani la jekete. Anatambasula dzanja monga lamulo linenera, maso ali kuwindo. Mdala analigwira ndi manja awiri, osafuna kulisiya.

"Amayi ako akudzuka bwanji?" anafunsa chapansipansi.

Injiniya anasolola dzanja lake, natuluka osacheuka. Mdala anakhalanso pansi n'kuyamba kulongedza tizidutswa m'thumba, pang'onopang'ono. Kuchokera pomwe mdalayo anathawa banja lake zaka zambiri zapitazo, aka kanali koyamba kuti mwana wakeyo akhale naye tebulo limodzi.