Ngongole ya Glenys Yatha

"Mayi Tuckwell, lero ndaimba ndi uthenga wabwino," anatero Warwick, kalaliki wa boma wotolera ngongole. "Mwamaliza kubweza zonse."

Glenys Tuckwell anakhala pansi, foni ili kukhutu. Zaka zapitazo khoti linamupeza wolakwa chifukwa cholandira ndalama za anthu osowa ntchito, chonsecho ankachapa zofunda mobisa pa hotela ina ku Broken Hill. Dzina lake litatuluka m'nyuzipepala, anzake akutchalitchi anasiya kumuyendera, mwana wake wamkazi n'kusamukira ku Perth osatsanzika. Amene ankaimba mwezi ndi mwezi anali Warwick yekha. Ankayamba ndi za madola, kenaka n'kufunsa za bondo lake lotupa.

"Mwawerengera bwino koma? Paja inu ndi masamu simumwerana madzi."

Warwick anaseka. "Sipanatsale ngakhale senti, mayi. Sitidzakuvutitsaninso."

"Galu wanga anafa dzana," anatero Glenys.

"Pepani kwambiri. Mudzisamalire."

Foni inaduka, m'nyumba munati zii.

M'mawa mwake Glenys anaimba yekha ku ofesi ya Warwick.

"Ndipatseni bambo Warwick. Pali miyezi ina imene ndinalandiranso ndalama zija, koma khoti silinaidziwe."