Chithunzi cha Anthu Atatu

Anita anali ataima pamzere kwa mphindi makumi anayi, chipewa cha jekete chitaphimba nkhope, maso ali pamsana pa mwamuna wake, Suzgo. Pakati pa iye ndi Suzgo panali azungu asanu okha. Pambali pa Suzgo panaima mayi wina wojintcha, wovala juzi yobiriwira, dzanja lake litalowa m'thumba la jekete la Suzgo ngati ndi kwawo.

Linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, 2006, ku paki ya masewera ya ku Staffordshire, ulendo wa ola limodzi kuchokera kwawo ku Walsall. Suzgo ananena kuti ali ndi overtime ku warehouse ya ku Coventry ndipo agona komweko, monga ankachitira kamodzi pamwezi. Koma Lachinayi, Anita akuchapa, anapeza kapepala m'thalauza: chipinda cha anthu awiri, ku hotela ya m'pakimo, masiku awiri. Sanalire. Anasinthana shifiti ndi nesi mnzake, anasiya mwana wawo Zoe kwa mayi wina wa kutchalitchi, nanyamuka.

Chimene chinkamupweteka koposa ndi malowo. Zaka zinayi zonse za banja lawo wakhala akumupempha Suzgo kuti adzabwere kuno. Anzake a ku wodi ankabwerako akusimba mosatha. Ankati ukalowa pageti umaiwala odwala, umaiwala mapazi otupa, umagwirana manja ndi mwamuna wako popanda wa kumpingo wokuyang'ana. Ndipo ukakwera chisitima cha m'malere chija amati roller coaster, umakuwa mpaka mawu kusasa, palibe wokufunsa kuti chavuta n'chiyani.

"Za ana zimenezo, mayi a Zoe," Suzgo ankatero. "Munthu wamkulu, ndevu pepeya, n'kumakwera katungwe?"

Lero munthu wamkuluyo anali atavala chisoti cha makutu a chimbalangondo, akunyambita ayisikilimu wa mkazi wina.

Anita sanabwerere ndewu. Ndewu imatha, anthu n'kuiwala. Iye anali ataona kuti pamene chisitimacho chimatsika phompho lalikulu pali kamera yojambula okwera, ndipo zithunzizo amagulitsa potulukira. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha: awiriwo kutsogolo, iye kumbuyo kwawo, nkhope ili poyera. Chithunzicho akagula zitatu. China akachikhoma pa bolodi la kutchalitchi, kumene Suzgo amatsogolera kwaya atatsinzina ngati mngelo. China akachipereka kwa ankhoswe. Chachitatu akachimata pachitseko cha nyumba, pamwamba pa loko watsopano amene anaikitsa m'mawa uja. Masuti onse a Suzgo anali kale panja m'matumba akuda a zinyalala, mvula igwe, isagwe.

Mzere utafika pageti, ananong'oneza banja lina lachizungu kuti limupatse malo. Analola. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa Suzgo, moti akanatha kumukoka khutu. Chitsulo chotchinga chinatsika pachifuwa pake. Apo m'pamene anakumbukira kuti iye amachita chizungulire ngakhale pa basi yosanjikiza.

Chisitima chinayamba kukwera pang'onopang'ono, chikulira kwe, kwe, kwe. Mitengo inatsala pansi, anthu anasanduka nyerere. Mayi wa juzi uja anabisa nkhope paphewa la Suzgo, ndipo Suzgo anaseka. Kanali kaseko kakuya, kaufulu, kamene Anita sanakamvepo m'nyumba mwake. Mantha onse anamuthera pomwepo. Anavula chipewa, anawongola khosi.

Kenako dziko linagwa.

Anita anakuwa. Anakuwira mashifiti onse amene anagwira kuti banja liime, anakuwira Loweruka lililonse limene anamulongedzera mwamunayo chakudya cha ku Coventry. Mawu ake anasokonekera m'mawu a anthu ena makumi awiri, ndipo Suzgo sanacheuke. Kuwala kwa kamera kutang'anima, Anita anali atatong'ola maso, akuyang'ana kutsogolo.

Anatsika mtima uli myaa. Anzake aja sananame.

Potulukira, zithunzi zinali kuonekera pa ma TV ang'onoang'ono. Awiriwo anaima akufunafuna chawo, akugundana mapewa. Anita anamuona Suzgo akuchipeza. Anaona kumwetulira kwake kukuuma pang'onopang'ono pamene anazindikira nkhope yachitatu ija. Chisoti cha chimbalangondo chinapendekeka.

Anita anapita kwa wogulitsa, anaitanitsa zithunzi zitatu, kenako anatembenuka mosafulumira.

"A Suzgo," anatero mokweza, "overtime ikuyenda bwanji?"

Anita anakoka mpweya. Mawu omulalatira mkazi wakubayo anali atawanola usana wonse wa Lachisanu, ndipo tsopano nthawi yake inali itakwana. Koma mayiyo anamuyang'ana mwachidwi, nkhope yake n'kuwala ngati wakumana ndi m'bale.

"Iii, mawu awa ndikuwadziwa!" Anatembenukira kwa Suzgo. "Bambo a Mwai, si a landlord anu awa, aja amayankha foni ku Walsall?" Anatambasula manja onse awiri mwaulemu. "Pepani mayi, sitinaonanepo, ntchito yosamalira okalamba ku care home ku Stoke siyipereka mpata. Ndine Rabecca, mkazi wawo. Lero takwanitsa zaka khumi ndi zisanu chimangitsireni ukwati."