Pepala la Magazi pa Chitseko

"Werengani mokweza, alamu," anatero mayi wina wosoka zovala, akukhoma pepala la kuchipatala pachitseko.

Miyezi isanu anakhala chogona, makina ake akuchita dzimbiri, mchemwali wa mwamuna wakeyu akumunena kuti ndi ulesi. "Matenda a maganizo? Tionetseni bala!"

Mlamuyo anawerenga, n'kukwinya nkhope. "Ndiye kuti chiyani?"

"Adokotala akuti magazi anga akuonetsa kutupa m'thupi. Akuti kwa ena, maganizo akalemera kwambiri, nambala yoonetsa kutupayi imakweranso. Bala munkalifuna lija ndi limenelo. Kodi ulesi umatupa?"

Kuyambira tsikulo mlamuyo ankasesa, kuchapa, ngakhale kuyenda monyang'ama kuti wodwala asadzuke.

Patatha mwezi, mayiyo anakayezetsanso. Nambala inali itatsika, koma chimwala cha pamtima chinali pomwepo. Dokotala anati zimachitika, asasiye chithandizo.

"Zotsatira zatsopano zili kuti?" anafunsa mlamuyo mawa lake.

Mayiyo anayang'ana munthu amene anakana misozi n'kukhulupirira inki. Pepala latsopanolo anali atakulungiramo mabatani, lili m'kabati.

"Lija likadali pachitseko," anatero. "Kaliwerengeninso."