Nyumba Yotchipa ya a Yesaya

"Bambo a Ufulu, madzi afika pakhonde!" anakuwa Enifa.

Mwamuna wake, Yesaya, anasuzumira pawindo. Nyumbayi anaipeza m'chilimwe, posamuka ku Senga Bay kuti ana aziphunzira pasukulu yabwino m'tauni ya Salima. Sukuluyo inali tsidya la msewu. Koma mvula ya Januwale itangogwa, msewuwo unasanduka dziwe.

"Ndinanena ine! Lendi yotsika chonchi siisowa chifukwa," anatero Enifa.

"Paja munkati bwato langa likuchititsani manyazi m'tauni muno," anatero Yesaya, akulikoka kuchokera kuseri kwa nyumba.

Anakweza Ufulu ndi mng'ono wake n'kuwawolotsa mpaka pageti ya sukulu, yunifolomu ili youma. Pobwerera anapeza ana a aneba atandanda kale pamzere.

Masana kunabwera alandilodi, atapinda buluku mpaka m'maondo. Enifa anawachingamira, manja ali m'chiuno, kuti atsitse lendi lero lomwe.

Bambowo anayang'ana madzi, anayang'ananso bwato, n'kumwetulira.

"Mayi, inu ndi a ku Senga Bay, mitengo mukuidziwa bwino. Nyumba ya m'mphepete mwa nyanja ngati iyi? Mwezi wamawa lendi ikukwera."