Mwamuna wa Margarida Ndani?

Kompyuta ya pa parishi ina ku Nyimba inali itakana kale amuna atatu m'mawa umenewo, ndipo Luckson ankangomwetulira. Pulogalamuyo anailemba yekha. Kampani ya thonje itagulitsidwa n'kuchotsa anthu ntchito, iye anapita ku Petauke kukaphunzira makompyuta, ndipo ntchito yake yoyamba inali imeneyi, yolembera anthu ofuna kudalitsa maukwati awo pa Pasaka.

Inali yankhanza pulogalamuyo. Ukaika nambala m'dzina, inkakana. Ukadumpha mudzi, inkakana. Koma chimene Luckson ankanyadira koposa n'choti dzina silinkalowa kawiri. Mkulu wina wa ku Sandwe, amene anabwera ndi mkazi Lolemba n'kubweranso ndi wina Lachinayi, anatuluka mu ofesimo chipewa chili kumaso.

Mzere utatha, inakwana nthawi ya mwiniwake. Bwenzi lake Margarida, mwana wa a Mateus amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika konkuno, anali pabenchi atavala chitenje chatsopano. Limenelo linali tsiku lomaliza kulembetsa. Kuphonya ndiye kudikira chaka china, ndipo a Mateus anali atanena kale kuti atopa naye mkamwini wa mawamawa.

Luckson analemba dzina la mtsikanayo monyadira. Kompyuta inalira kuti pii! "Munthuyu analembetsa kale."

Anayesanso. Pii! Atatsegula kuti aone, anapeza dzina la Margarida lilipodi, ndipo pambali pake panali la mwamuna: Asdf.

"Margarida, Asidifu nindani?"

"Asi-chani?"

Nsanje siifunsa kuti munthu anaphunzira mpaka pati. M'mutu mwa Luckson, mwamunayo anali atamera kale ndevu ndi mimba yomwe. Dzina lotere si la Chinsenga, si la Chipwitikizi. Ayenera kukhala mmodzi wa madalaivala a malole akunja amene amaima pa Kacholola, pomwe Margarida amagulitsa nthochi. Nanga nthochizo zinkatha bwanji msanga chonchija, za anzake zikuola?

Amai Consolata, mlembi wa parishi, anayesa kuzimitsa moto. "Bambo, kapena makina yalakwitsa chabe."

"Makina yanga siyanama, amai! Yagwila atatu lelo, uyu ni wachinayi."

Misozi inalengeza m'maso mwa Margarida, koma sanaipatse mpata.

"Iwe Luckson, ukhulupilila ka bokosi kupambana ine?"

"Niuze chabe, thilaki yake ni ya mtundu bwanji?"

Mtsikanayo anaimirira n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Ukwatile kamene ako ka bokosi. Ine nayenda kumusakila uyo Asidifu, kapena yeve ali na nzelu."

Anatuluka, nakwera njinga, osacheuka. Amai Consolata anapukusa mutu n'kuyamba kutseka mawindo, poti nthawi yolembetsa inali itatha.

Luckson anatsala yekha ndi kupambana kwake, ndipo kunamuwawa zedi. Iye ankamukonda mkaziyo kuposa mmene akanavomerera pamaso pa anthu. Analumbira chamumtima kuti mawa lomwe akakhala pa Kacholola n'kufunsa dalaivala aliyense dzina lake, ndipo ameneyo akadzapezeka adzadziwanso. Mphamvu zitamuthera, anagwetsa dzanja pamabatani a kompyuta, zala zinayi n'kugwera pamzere wapakati pomwe zinazolowera.

Pagalasi panatuluka malemba anayi: asdf.

Apo m'pamene anakumbukira tsiku limene ankayesa ngati pulogalamuyo ikugwira. Pa dzina la mkazi analemba la amene anali pamtima pake, koma pa la mwamuna anachita manyazi n'kungogwetsapo zala osayang'ana. Amene anamulanda Margarida anali dzanja lake lamanzere.