Mpaka Adokotala Asayine

Ndinali m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala pamene anatitumiza kukaphunzira ntchito pa chipatala china chakumudzi, kupitirira Nsaru. Usiku wanga wachitatu, anamwino anandituma ku labu kukatenga magazi a mayi Nagama, omwe anataya magazi ambiri pobereka.

Pobwerera ndinakumana ndi gulu la amayi akuperekeza maliro ku mochale, akuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu. Ndinapatuka n'kuima chowerama monga timachitira. Tirole yonyamulira maliro ya pamenepo inkalira tayala moti aliyense ankaidziwa, koma usiku umenewo inadutsa osamveka. Pamwamba pake panali chitenje chopinda bwinobwino. Mtembo panalibe.

Ndinathamangira ku wodi, thumba la magazi likundizizira m'manja. Ndinapeza mayi Nagama ali tsonga pabedi, odwala ena onse ali m'tulo.

"Mwakumana nawo eti, adokotala?" anandifunsa monong'ona.

"Ndani, mayi?"

"Anabwera kudzanditenga. Ine ndawauza kuti muno munthu samangotuluka, mpaka adokotala asayine."

Sindinathe kuwakumbutsa kuti ndine wophunzira chabe. Ndinapachika magaziwo, singano n'kuphonya mtsempha kawiri.

"Ndiye ati chiyani?" ndinafunsa.

"Ati akakufuneni inuyo. Ndawauza dzina lanu."

Panja nyimbo ija inali itatembenuka, tsopano ikubwera. Itafika pakhomo la wodi inaleka. Kenako ndinamva mawu a mayi wachikulire, aulemu kwambiri.

"Odi kuno, a Chisale. Cholembera tili nacho."